Kuweruziratu, Tsankho ndi Chimbuya

Mawu akuti kuweruziratu amalemera chifukwa cha kachidutswa "-tu": mlandu watha mwiniwake asanatsegule pakamwa. Tsankho nalo linabadwa ku kusankha, monga mayi amasankhira nyemba palichero, zofumbwa n'kuziika pambali.

Mnsenga wa kwa Nyampande akatsika basi ku Lusaka kapena kumigodi, Mbemba amamutchuliratu wodya mbewa, iyenso n'kubweza kuti wodya anyani. Chimenechi ndi chimbuya, chibale cha nthabwala cha Abemba ndi anthu akum'mawa, chomwe mizu yake ili m'nkhondo za Angoni ndi Abemba za m'ma 1800. Pamaliro amapakana ufa kumaso, popanda wokwiya.

Koma zinawawa mu 1967 ku Mulungushi, Simon Kapwepwe, Mbemba, atagonjetsa Reuben Kamanga wa kum'mawa pampando wachiwiri wa chipani cha UNIP. M'zaka zotsatira, mawu akuti "wako ni wako" anamatiridwa anthu akum'mawa, ndipo apa panalibe woseka.