Madzi a ku Chianan anabwela na malamulo ake

Tikamva dzina la Taiwan, ambili a ife timangoganiza za mafoni na makompyuta. Koma kum'mwela cakumadzulo kwa cisumbu cimeneci kuli cigwa ca Chianan, cacikulu kupambana zigwa zonse za kumeneko. Cimazungulila mizinda ya Tainan na Chiayi mpaka kukafika ku nyanja, ndipo ndiye nkhokwe ya mpunga ya Taiwan.

Kale sizinali conco. Mvula yambili imagwa m'miyezi yotentha cabe, ndipo nthaka ya kufupi na nyanja inali yamcele. Alimi anali kungodalila mitambo.

Mu 1920, pamene Japan inali kulamulila Taiwan, injiniya Hatta Yoichi anayamba kumanga damu ya Wushantou na ngalande zake. Nchito inatha mu 1930, ndipo madzi anafika pa mahekitala pafupifupi 150,000.

Apa m'pamene tiyenela kuyang'anitsitsa. Madziwo sanali okwanila minda yonse pa nthawi imodzi, conco minda inagawidwa m'magulu atatu osinthana caka na caka: mpunga, nzimbe, na mbewu zosafuna madzi ambili monga kandolo. Mlimi analibenso mau pa cimene adzabyala m'munda wake, koma ndalama ya madzi anali kulipila ndithu. Mpunga na shuga wambili zinakwela zombo kupita ku Japan.

Mpaka lelo anthu amasiyana maganizo pa Hatta. Pa 8 May caka ciliconse amam'kumbukila pa damupo. Mu 2017 wina anadula mutu wa cifanizilo cake, koma anacikonza mwambo wa caka cimeneco usanafike.