Chenjezo

Chenjezo ndi mawu ochokera ku mneni kuchenjeza, kutanthauza kumuuza munthu kuti achenjere ngozi isanamufike. Wochenjeza sakugwira mwendo ayi, amangokuuza, ulendo n'kukhala wako.

Tanthauzoli limaoneka bwino pa mapulogalamu okonzera mapu monga GDAL, omwe munthu amawalamula pochita kutayipa mawu pa kompyuta. Pulogalamuyi ikalemba kuti ERROR, ndiye kuti china chake chakanika, ndipo kawirikawiri ntchito imathera pomwepo. Ikalemba kuti Warning, limenelo ndiye chenjezo: ntchito imapitirira, mapu n'kutuluka ooneka bwinobwino.

Ine chimandiopsa kwambiri ndi chachiwirichi, chifukwa maso amangochilumpha. Mwachitsanzo, chenjezo litha kukhala lokhudza muyeso wa mapu: mapu akale a Malawi ankayezedwa pa muyeso wa Arc 1950, pomwe GPS ya m'foni imayendera WGS 84. Mukasakaniza miyeso iwiriyi osaiuza kompyuta, nyumba ya ku Ndirande imatha kusuntha mamita oposa 100, n'kuoneka ngati ili patali ndi mtsinje wa Nasolo pomwe ili m'mphepete mwenimweni. Aliyense amene anaona zimene madzi a namondwe Freddy anachita m'makwalala a Blantyre mu 2023 akudziwa kuti mamita amenewo si ochepa.