Kavalavu Kamene Kadachokera ku Utsi wa ku Los Angeles

Omvera ambiri amene adaimapo pa galaja adaonapo makaniko akuzula kachitsulo kotalika ngati chala pamwamba pa injini, n'kukagwedeza pafupi ndi khutu. Kakamveka kuti kwetekwete, makaniko amakabwezera pamalo pake. Kakangokhala duu, amauza mwini galimoto kuti agule kena. Kachitsuloko ndi kavalavu ka PCV, ndipo ntchito yake ndi kutulutsa mpweya woipa m'chipinda cha pansi pa injini, mmene mumakhala oyilo. Mtengo wake ndi wochepa, koma mbiri yake ikukhudza nkhondo, mzinda wina waukulu wa ku America, katswiri wa sayansi wochokera ku Netherlands, ndiponso mlandu wa boma ndi makampani a galimoto.

Vuto limene kavalavuka kamathetsa lidabadwira pamodzi ndi injini. Petulo akapsa m'silinda, mphamvu yake imakankhira pisitoni pansi. Pisitoni ili ndi mphete zachitsulo zotsekera m'mbali, zimene amakaniko amati maringi, koma mphetezi sizitseka kotheratu ngakhale injini ikhale yatsopano. Utsi wina, nthunzi ya madzi ndi petulo wosapsa zimapulumukira pansi, kukasakanikirana ndi oyilo. Mpweyawu ukasowa potulukira umadzazana n'kukankha oyilo kuti adonthe m'magasiketi. Nthunzi ija ikazizira imasanduka madzi, ndipo oyilo amasanduka chiphala chakuda chimene chimatseka njira zake.

Opanga magalimoto oyambirira adangosiya kabowo kuti mpweyawo udzitulukira wokha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 adayamba kuika paipi yochokera m'injini, yoloza pansi, kukamwa kwake kuli pafupi ndi msewu. Galimoto ikamathamanga, mphepo yodutsa kunsi inkayamwa mpweyawo. Njirayi idali ndi zilema zake. Galimoto ikaima kapena ikamayenda pang'onopang'ono, paipiyo sinkakoka kanthu, kotero magalimoto ongozungulira m'tauni ndiwo ankavutika kwambiri ndi chiphala. Ndiponso utsi wonsewo unkangotayidwa m'mlengalenga, timadontho ta oyilo n'kumadetsa pakati pa msewu.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse padabuka vuto lina. Akasinja ndi magalimoto ena ankhondo ankayenera kuwoloka madzi akuya, ndipo paipi yoloza pansi ikadalowetsa madzi m'injini. Amisiri adaganiza zotseka paipiyo ndi kulumikiza chipinda cha oyilo ku njira imene injini imakokera mpweya wake. Motero injini inkayamwa yokha utsi wothawa uja ndi kuuotchanso. Nkhondo itatha, magalimoto ambiri a anthu wamba adapitirizabe ndi paipi yakale, popeza idali yotsika mtengo.

Chimene chidasintha zinthu ndi masautso a anthu a ku Los Angeles, m'chigawo cha California. Pa 26 Julaye 1943 mzindawo udakutidwa ndi chifunga chowawa m'maso ndi kukhosi, mpaka ena adaganiza kuti asilikali a ku Japan aponya mpweya wa poizoni. Akuluakulu adaloza chala fakitale ina ya mankhwala opangira labala, koma itatsekedwa chifungacho sichidathe. Mu 1947 boma la derali lidakhazikitsa bungwe loyang'anira za kuipa kwa mpweya, ndipo lidalimbana ndi mafakitale ndi kuotcha zinyalala kuseri kwa nyumba. Chifunga chidapitirirabe. Mzindawo udazingidwa ndi mapiri, dzuwa limawala kwambiri, ndipo mpweya wofunda wa m'mwamba umavundikira wa pansi ngati chivundikiro pa mphika.

Amene adapeza gwero lake ndi Arie Haagen-Smit, mbadwa ya ku Utrecht, amene ankaphunzitsa ku California Institute of Technology ku Pasadena. Iye adali katswiri wa mankhwala opezeka m'zomera, ndipo adafufuzapo chimene chimapatsa nanazi fungo lake. Luso lomwelo adaligwiritsa ntchito poyesa mpweya wa mumzindawo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika mu 1952 iye adali ataonetsa kuti nthunzi ya petulo wosapsa ikakumana ndi mipweya ina yochokera ku moto wa m'injini, dzuwa n'kuziwomba, pamapangika mpweya wa ozoni, umene umang'amba labala, kuwaula masamba a mbewu ndi kupweteka mapapo. Makampani a mafuta ndi a magalimoto adayamba atsutsa, koma ofufuza ena atabwereza ntchitoyo adapeza kuti iye adanena zoona.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ofufuza a kampani ya General Motors adapeza kuti gawo lalikulu la petulo wosapsa wochokera ku galimoto linkatulukira pa paipi yoloza pansi ija. Apa nzeru ya pa nkhondo idakumbukiridwa. Magalimoto atsopano a chaka cha 1961 ogulitsidwa ku California adabwera ndi kavalavu ka PCV, ndipo pofika mu 1964 pafupifupi magalimoto onse atsopano a ku United States adali nako. Aka ndiko kadali kachipangizo koyamba kochepetsa utsi kuikidwa m'magalimoto ochuluka chotere. Mu 1967 California idakhazikitsa bungwe la Air Resources Board, ndipo Haagen-Smit adakhala wapampando wake woyamba.

Nkhaniyi sidathe mwamtendere. Mu 1969 boma la United States lidasumira bungwe la opanga magalimoto pamodzi ndi makampani anayi akuluakulu, ponena kuti adapangana kuchedwetsa zipangizo zochepetsera utsi kuyambira mu 1953. Mlanduwo udatha m'chaka chomwecho mwa mgwirizano: makampaniwo sadavomere kulakwa, koma adalonjeza kusachita mapangano otere.

Kapangidwe ka kavalavuka n'kosavuta. M'kati mwake muli kachitsulo kosongoka kokankhidwa ndi kasipulingi. Injini ikamalira galimoto ili chiimire, kukoka kwa mpweya kumakhala kwamphamvu, ndipo kachitsuloko kamatseka njira n'kusiya kampata kochepa, kuopa kuti injini ingalandire mpweya wopitirira muyeso n'kuzima. Woyendetsa akaponda moto, utsi wothawa umachuluka, kukoka kumachepa, ndipo kasipulingi kamatsegula njira. Moto ukabwerera m'mbuyo mwangozi, kavalavu kamatsekeratu kuti malawi asafike ku oyilo.

Popeza kamadutsitsa utsi ndi mwaye tsiku ndi tsiku, kavalavuka kamatopa. Kakamatirira kali kotseka, injini imabwerera ku matenda ake akale: oyilo amadontha, chiphala chimachuluka, ndipo nthawi zina oyilo amafika mpaka ku sefa ya mpweya. Kakamatirira kali kotsegula, injini imanjenjemera ikaima, imamwa oyilo, ndipo imatulutsa utsi wabuluu. Pa injini zakale kusintha kwake n'kwa mphindi zochepa: injini ikazizira, makaniko amavula paipi ya labala, amazula kapena kumasula kavalavu, amaona ngati paipiyo yauma kapena yang'ambika, n'kuika katsopano kolingana ndi injiniyo. Kugwedeza kuja kumangosonyeza kuti kachitsulo ka m'kati kakuyenda. Sikutsimikizira kuti kasipulingi kadakali ndi mphamvu. Pa injini zina za masiku ano kavalavu kali ndi kachikopa ka labala ndipo kadamangidwira m'chivundikiro cha pamwamba pa injini, kotero kakang'ambika pamafunika kusintha chivundikiro chonse.

Magalimoto ambiri oyenda m'misewu ya Malawi adabwera kuchokera ku Japan atayenda kale, ndipo kavalavu kameneka kadabwera nawo. Mwini galimoto wosadziwa za iko akhoza kuwononga ndalama posintha magasiketi kawiri katatu, oyilo n'kumadonthabe, kapena kuuzidwa kuti injini yonse yatha. Asanavomere kuti injini iphwasulidwe, ndi bwino ayambe wafunsa makaniko ngati wakaona kavalavu ka PCV ndi paipi yake.