Galimoto Imene Inagona M'manda Zaka 42

Omvera, kum'mwera kwa dziko la Wales kuli gombe lotchedwa Pendine, lotalika mailosi 7. Nyanja ikaphwa, mchenga wake umalimba gwa ndi kusalala ngati bwalo lopunthirapo mapira. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1920 akatswiri olimbirana liwiro la galimoto ankasonkhana kumeneko.

Mmodzi wa iwo anali John Parry-Thomas, mmisiri wa makina wobadwira ku Wrexham. Count Louis Zborowski atafa pa mpikisano wa ku Monza m'chaka cha 1924, Parry-Thomas anagula galimoto yake ndi mapaundi 125, naikonza, naitcha Babs. Injini yake inali ya ndege, ya mtundu wa Liberty, ya masilinda 12, ndipo mawilo akumbuyo ankazungulira ndi matcheni awiri monga ichitira njinga. Pa 28 April 1926 Babs inathamanga mailosi 171 pa ola, liwiro limene munthu anali asanafikepo pamtunda. Malcolm Campbell anamulanda ulemuwo pa 4 February 1927 ndi mailosi 174. Pa 3 March chaka chomwecho Parry-Thomas anabwerera kukaulanditsa, koma galimoto inagubuduzika, iye nafera pomwepo. Anthu anakumba dzenje m'milu ya mchenga, nakwirira Babs monga aikira maliro.

Patapita zaka zambiri, Owen Wyn Owen, mphunzitsi wa zamakina pa koleji ya ku Bangor, anapempha chilolezo choifukula. Nkhaniyo inautsa mapiri pachigwa. Malowo anali atakhala a asilikali oyeserapo zida, ndiponso ena a m'mudzimo ankati kufukula galimotoyo kunali kunyoza wakufa. Chilolezo chitaperekedwa, m'chaka cha 1969 Owen ananyamula zotsalazo kupita nazo kwawo ku Capel Curig.

Tsono apa ndi pamene panagona ntchito. Mchenga wa kunyanja uli ndi mchere ndi chinyezi, ndipo pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo m'malo otere, woyamba kudyeka ndi aluminiyamuyo. Kotero zitsulo zambiri za Babs zinatuluka zadzimbiri koma zamoyo, pamene thupi lake linali litafumbwa kwambiri. Dzimbiri la pamwamba mmisiri amapala. Limene lalowa m'kati salinyengerera ndi penti, pakuti limadya mobisa ngati chiswe. Amadula podwalapo, nawotcherera chigamba chatsopano, ndipo aluminiyamu ndi wovuta kuwotcherera chifukwa amasungunuka mwadzidzidzi, osayamba wafiira monga chichitira chitsulo. Funso lalikulu linali lakuti: asunge zingati zakale, apange zingati zatsopano? Akasintha zonse, imeneyo siikhalanso Babs. Akasunga zonse, siiyenda. Owen anasunga chilichonse chimene chikanatha kupirira, ndipo zosatheka anapanga mofanizira zakalezo. Injini inalowedwa m'malo ndi inzake ya Liberty, ndipo thupi linapakidwanso utoto wake woyera.

Ntchitoyi inawongolanso mbiri. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti tcheni cha kumanja chinaduka ndi kukantha woyendetsa m'mutu. Zotsala za galimotoyo zitapimidwa bwino, zinaonetsa kuti mwina wilo lakumbuyo ndi limene linayamba kugonja, ndipo kuti Parry-Thomas anavulala galimoto ikugubuduzika.

Kuyesa koyamba kunachitika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, thupi lisanathe, pa msewu wowongoka wa pafupi ndi Capel Curig. Magiya a Babs anapangidwira liwiro lalikulu, kotero kukankha ndi manja sikukanathandiza. Anaimangirira ku Land Rover, naikoka kufikira mailosi 60 pa ola, ndipo injini inalira. Ntchito yonse inam'tengera Owen zaka zoposa 15, ndipo asanamwalire m'chaka cha 2012 anali atayendetsanso Babs pa mchenga womwewo wa Pendine.