Mlandu Wopanda Nkhoswa

Kwathu ku Kabwazi munthu sapita yekha ku bwalo la amfumu. Kaya mbuzi zako zadya nyemba za eni ake, kaya mwalimbirana malire a dimba la mbatatesi, umapita ndi atsibweni ako kapena wamkulu wina wa kubanja, ndipo iwowo ndiwo amayamba kuyankhula. Nduna zimafunsa, mboni zimaimirira, ndipo amene anakuona ukukwawa amaloledwa kuponyapo mawu. Sikuti bwalo limeneli sililakwitsa. Limalakwitsa ndithu, makamaka wodandaula akakhala mbale wa amfumu, kapena wozengedwayo akakhala mkamwini wochokera kutali. Koma kumugamula munthu popanda womudziwa ndi mmodzi yemwe kumvedwa, zimenezo sizichitika.

Ine ndikuphunzira criminology, maphunziro a za upandu ndi chilango, ndipo mtima wanga unagwera pa anthu omangidwa asanalakwe. Anzanga m'kalasi amakonda nkhani za ku America, kumene bungwe la Innocence Project, lomwe linayamba mu 1992, latulutsa anthu m'ndende poyeza DNA pa zovala zosungidwa zaka makumi awiri. Nkhanizo n'zokoma kuwerenga, koma sizitithandiza kwenikweni. Kuno malaya a magazi sasungidwa zaka makumi awiri. Ngakhale fayilo yeniyeni ya mlandu imasowa. Chimene chatulutsapo anthu osalakwa m'ndende za Malawi ndi munthu kukwera njinga, kukafika kumudzi kumene zinachitikira, n'kukafunsa. Mbiri yathu ya makhothi ndikaiyala, ndimaona kuti paliponse pamene wosalakwa anamira, anali ataima yekha.

Tisadzinamize kuti makolo analibe vutoli. Pa milandu ya ufiti ndi imfa zosadziwika bwino, bwalo linkasiya kufunsa mboni n'kuitana mapondera, wosinja khungwa la mwavi. Wosanza ankayesedwa wosalakwa, wofa ankayesedwa mfiti. Nthawi zina mwaviwo ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu, ndipo ine ndimaona ngati umenewo unali umboni wakuti akuluakulu ena ankaukayikira. Moyo wa munthu unkadalira dzanja la wosinja, kuti wathira wochuluka bwanji, ndiponso mimba ya womwayo. Pamenepo nkhoswa inalibe chonena. Boma la atsamunda linaletsa mwavi ndi lamulo la za ufiti la 1911, lamulo lomwe likadalipo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti m'zaka za posachedwapa agogo ena anamangidwa pogwiritsa ntchito lamulo lomweli mopotoza, lomwe cholinga chake chinali kulanga wonamizira mnzake ufiti.

Atsamunda atatenga milandu ya kupha n'kuiika ku Khothi Lalikulu, anabweretsa buku la malamulo a zilango lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1930. Gawo 210 la bukuli linkati wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha anyongedwe, basi. Munthu akapezeka wolakwa pa mlanduwo, woweruza analibe mpata woganizira zifukwa zochepetsera chilango. Mlimi wa kumapiri kuno ankaima kutali ndi kwawo, mlandu ukuyankhulidwa m'Chingerezi, iye n'kumangomva zimene womasulira wasankha kumuuza.

Zoopsa zenizeni zinadza titadzilamulira kale. Kuyambira 1968 mpaka 1970 anthu ambiri anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, ndipo mphekesera zinkaloza boma. Mu 1969 Khothi Lalikulu linamasula anthu ena oganiziridwa chifukwa umboni unali wosakwanira. Dr. Kamuzu Banda anakwiya. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inapereka mphamvu zozenga milandu ya kupha kwa makhothi a makolo a m'zigawo, ndipo pambuyo pake anawonjezerapo milandu youkira boma. Oweruza achingerezi a Khothi Lalikulu anatula pansi udindo. Mu 1970 apolisi anagwira Walla Kawisa, amene anavomera zina mwa imfa za ku Chilobwe, ndipo anaweruzidwa kuti aphedwe. Funso limene limandivuta ndi ili: amene anamasulidwa mu 1969 aja, akanazengedwa m'khothi latsopanolo, akanakhala moyo?

Makhothi amenewa ankatchedwa a makolo, ndipo mafumu ankakhaladi pa mpando, koma anasiya chinthu chachikulu cha bwalo la makolo. Oweruza ake ankasankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo iye yemweyo akanatha kuwachotsa. Loya sankaloledwa kulowamo. Mboni za wozengedwa zinkamvedwa pokhapokha khothi likafuna. Mu 1977 Albert Muwalo Nqumayo, amene anali mlembi wamkulu wa chipani cha Congress, ananyongedwa pa mlandu woukira boma, ndipo mwa umboni umene khothi linalandira munali makalata opanda dzina la wolemba, poti pofuka utsi pali moto. Muwalo sanali munthu wokondedwa, pakuti ambiri anatsekeredwa m'nthawi yake, koma kalata yopanda mwini siyenera kunyongetsa ngakhale mdani wako.

Orton Chirwa ndiye amandiimitsa mutu. Anali loya woyamba wachikuda m'Nyasaland, mtsogoleri woyamba wa Malawi Congress Party mu 1959, ndipo mu 1962 ndiye anatsogolera ntchito yokonza makhothi a m'madera kuti achoke m'manja mwa mabwanamkubwa achizungu a m'maboma. Makhothi omwewo, atasinthidwa mu 1969, ndiwo anadzamuweruza. Iye ndi mkazi wake Vera anagwidwa pa 24 Disembala 1981 chakumalire ndi chigawo cha kum'mawa cha Zambia, iwo akunenetsa kuti anachita kubedwa m'dziko la Zambia. Khothi la makolo la chigawo cha kummwera linawakaniza loya, linawakanizanso kuitana mboni zimene ankafuna, ndipo mu Meyi 1983 linagamula kuti aphedwe. Apilo inakanidwa mu 1984. Maiko akunja atachita phokoso, chilangocho chinasanduka ndende moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, Vera anatuluka mu Januwale 1993, ndipo chaka chomwecho makhothi aja anaimitsidwa.

Awa ndi maina otchuka, olembedwa m'mabuku. Koma m'zaka zonsezo makhothi omwewo ankazenganso alimi wamba pa imfa za pamowa, za m'banja ndi za m'munda, ndipo wonyonga ankabwera ku Zomba kuchokera ku South Africa. Byson Kaula, amene anaweruzidwa mu 1992 pa imfa ya wantchito wake, imfa yomwe iye wakhala akunena kuti inali ngozi, anafotokozera a BBC kuti katatu konse dzina lake linali pa mndandanda wa onyongedwa, ndipo katatu konse wonyongayo anatopa asanamufike. Anatuluka patatha zaka 23. Kunyonga komaliza m'Malawi kunachitika mu 1992, ndipo Bakili Muluzi atalowa m'boma mu 1994 anakana kusaina chikalata chonyongera munthu. Apulezidenti onse obwera pambuyo pake sanasainenso.

Malamulo aakulu a dziko a 1994 analonjeza zambiri pa gawo 42: kuonekera kukhothi pasanathe maola 48, kukhala chete, kukhala ndi loya, kuchita apilo. Papepala nkhoswa inabwerera. Koma maloya a boma oimira osauka anali owerengeka, ndipo munthu ankakhala pa limandi zaka zingapo n'kudzakumana ndi loya wake m'mawa wa tsiku la mlandu. Gawo 210 linali lidakali momwe analisiyira atsamunda. Chimene chinayamba kusintha zinthu chinali chaching'ono. Mu 2000 anthu ochepa ophunzitsidwa malamulo koma osakhala maloya anayamba kulowa m'ndende kukaphunzitsa akaidi kupempha belo ndi kutsata mafayilo awo, ntchito yomwe lero ili m'manja mwa bungwe la PASI. Iwowa ndiwo anathandizanso kuti majisitireti azikakhala kundende komweko n'kuunika milandu ya okhalitsa pa limandi.

Kenaka panadza mlandu wa Kafantayeni. Francis Kafantayeni ndi akaidi anzake asanu anakadandaula kuti chilango cha imfa chokakamiza chikuphwanya ufulu wawo, ndipo pa 27 Epulo 2007 oweruza atatu a Khothi Lalikulu anagwirizana nawo. Mu 2010, pa mlandu wa McLemoce Yasini, Khothi la Apilo linati onse oweruzidwa ndi lamulo lakalelo ayenera kumvedwanso za chilango chawo. Amati mlandu suola, koma anthu amaola: ntchito yowamvanso inayamba mwamphamvu mu 2015, patatha zaka zisanu ndi zitatu chigamulo cha Kafantayeni chiperekedwereni, ena atafera kale m'ndende. Inagwiridwa ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission pamodzi ndi PASI, Legal Aid Bureau, ofesi ya mkulu wozenga milandu ya boma, ophunzira malamulo a ku Chancellor College, bungwe la Reprieve ndi gulu la Pulofesa Sandra Babcock wa ku Cornell. Akaidi oposa 150 anamvedwanso. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapatsidwanso chilango cha imfa, ndipo oposa 100 anabwerera kwawo.

Ambiri amatamanda chigamulocho. Ine ndimatamanda kwambiri maulendo aja. Popeza mafayilo ambiri anali atasowa, ofufuza anayenda m'midzi kukafunsa mafumu, abale a womangidwa ndi abale a malemu. Ankafuna zifukwa zochepetsera chilango: ubwana, matenda a mutu, njala, khalidwe la munthuyo asanamangidwe. Koma m'midzi ina anapeza chimene sanapite kukafuna. Anthu ankawauza kuti amene munamanga uja sanaphe.

Chitsanzo chomwe chinalembedwa bwino ndi cha John Nthara, Jamu Banda ndi Michael Banda, alimi apachibale. Mu 1993 mlendo wooneka wosokonezeka mutu, atanyamula chida, analowa pakhomo pawo, n'kudzitsekera m'chimbudzi, moto n'kuyaka m'menemo. Iwo anayesa kumupulumutsa, koma anamwalira ndi mabala a motowo. Apolisi anamanga eni khomo. Anakhala pa limandi zaka zinayi, ndipo mu 1997 anaweruzidwa kuti aphedwe, anthu a m'mudzi amene anaona zonse asanamvedwe kumbali yawo. Apilo inakanika chifukwa fayilo inasowa. Michael anafera m'ndende. John ndi Jamu anatuluka mu 2015, patatha zaka zoposa makumi awiri, ofufuza atakamva kumudzi nkhani yomwe mudzi wonse unkaidziwa kuyambira tsiku loyamba. Bwalo la nyakwawa aliyense wa kuno likanaimaliza nkhaniyi dzuwa lisanapendeke.

Ndipo apa pali chinthu chimene anthu sachidziwa. Makhothi a Kafantayeni ankaunika chilango, osati kulakwa. Munthu wotuluka mwa njira imeneyi amatuluka ndi dzina la wakupha likadali pa iye m'mabuku a boma, ndipo alibe poyambira kupempha chipepeso. Mu 2017 a Cornell ndi PASI anafunsa mafumu pafupifupi zana a midzi imene inalandira anthu otulukawa, ndipo ochuluka kwambiri anati sakufunanso chilango cha imfa. Sanawerenge mabuku a ufulu wachibadwidwe mafumuwo. Anangoona munthu amene boma linati ndi wosayenera kukhala ndi moyo akulima munda wake, akupita kumaliro, akulera adzukulu.

Wina angati zonsezi n'zakale. Ife a ku Dedza sitinganene choncho. Mu Febuluwale 2019 mnyamata wa zaka 14 wachialubino anabedwa m'dera la Mfumu Yaikulu Chilikumwendo, m'boma lathu lomwe lino. Mmodzi mwa oganiziridwa, Buleya Lule, anaonekera kukhothi ku Lilongwe n'kukana mlandu, ndipo posakhalitsa anafera m'manja mwa apolisi. Dokotala woyeza mitembo, Charles Dzamalala, anapeza kuti anazunzidwa ndi magetsi, ndipo patapita zaka khothi linapeza apolisi ena olakwa pa imfa yake. Lule sanaweruzidwe, choncho palibe anganene kuti anali wolakwa kapena ayi. Chimene ankadziwa anapita nacho, ndipo banja la mwanayo linamanidwa choonadi. Ndikamawerenga gawo 176 la lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni, lomwe limalola kuti mawu ovomera mlandu alandiridwe m'khothi ngakhale mwini wake akunena kuti anachita kumenyedwa, woweruza n'kudzaona yekha ngati ali oona, ndimamvetsa chifukwa chake chitokosi chimasanduka malo ofinyira anthu. Lamulo likamalandira chipatso cha chibonga, chibonga sichingaleke.

Chilango cha imfa nacho chikadali m'buku. Pa 28 Epulo 2021, pa mlandu wa Khoviwa, Khothi la Apilo linamveka ngati lachithetsa, koma mu Ogasiti chaka chomwecho oweruza anatulutsa chigamulo chokonzedwanso chonena kuti nkhaniyo sinali pamaso pawo. Mu 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera anasintha zilango za imfa za akaidi 22. Anansi athu anatsogola: Mozambique, yomwe malire ake tili nawo pafupi, inachithetsa mu 1990, Zambia mu 2022.

Komabe ntchito yanga yomaliza ya kusukulu sindikuilemba pa milandu ya kupha, yomwe tsopano ili ndi maloya ndi mabungwe oiyang'anira. Ndikuilemba pa milandu ya mbuzi, njinga ndi matumba a feteleza, yozengedwa ndi majisitireti, kumene wozenga ndi wapolisi ndipo wozengedwa kawirikawiri alibe loya. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre amene anamangidwa m'bandakucha akupita ku malonda ake, anagwetsa lamulo la vakabu mu Januwale 2017 chifukwa anapeza omuimira. Anzake ambiri amangovomera mlandu kuti athane ndi limandi, powerengera kuti miyezi isanu ndi umodzi yodziwika iposa kudikira kosadziwika mvula ikugwa, munda uli wosalima. Lamulo limati zilango zina za majisitireti ziziunikidwanso ndi Khothi Lalikulu, koma fayilo imatha kufika kwa jaji mwini wake atamaliza kale chilango. Mafayilo amenewo ndiwo ndikupempha chilolezo choti ndiwerenge, kuyambira ndi a m'boma la Dedza, ndipo pa lililonse ndikufuna kuona chinthu chimodzi: ngati wozengedwayo anaitana mboni, ndipo ngati sanaitane, kodi anauzidwa m'Chichewa kuti angathe kutero.