Mbiri ya zida zofananizira manambala a RAM

Kompyuta ikangoyatsidwa, RAM yake imakhala isanakonzeke kusunga kanthu. Pulogalamu yaing'ono yokhala m'chip, imene amisiri amati firmware, iyenera kuyamba yalemba manambala m'maregister a purosesa: liwiro la RAM, nthawi yodikira pakati pa kuwerenga ndi kulemba, ndi zigawo zoti zidutse mu cache. Nambala imodzi ikaphonya, sikirini imangoti bii, osanena pomwe palakwika.

Chida chosakira nambala yophonyayo chinabadwira ku Bell Labs, ku America. Douglas McIlroy analemba diff, imene inatuluka ndi Unix mu 1974. Ukaipatsa mafayilo awiri, imakuonetsa mizere yokhayo imene yasiyana, basi.

Manambala anachulukirachulukira. Mu 1995 purosesa ya Intel ya Pentium Pro inabwera ndi maregister otchedwa MTRR, olamula momwe chigawo chilichonse cha RAM chigwirire ntchito. Koma makampani olemba firmware yotchedwa BIOS, monga AMI ndi Phoenix, ankabisa malemba a mapulogalamu awo.

Mu 1999 Ron Minnich wa ku Los Alamos National Laboratory anayambitsa LinuxBIOS, firmware yoti aliyense aiwerenge ndi kuisintha. Mu 2008 inatchedwa coreboot. Popeza chinsinsi cha makampaniwo sanauzidwe, amisiri a coreboot anachita ngati mlimi amene mbatata ya kachewere yamukanika, n'kukaima pamalire kuyerekeza mizere yake ndi ya mnzake. Amayatsa makina ndi BIOS ya kampani, n'kukopera maregister onse ndi pulogalamu ya inteltool. Kenako amayatsa ndi coreboot, n'kukoperanso, diff n'kuulula pamene pasiyana. Mu 2008 momwemo Peter Stuge analemba msrtool, imene imatchula dzina la kachidutswa kalikonse ka m'register kamene kasintha. Ine ndimaona kuti apa m'pamene ntchitoyi inasiya kukhala yongolota.

Nkhaniyi inafika mpaka ku Tsangano ndi ku Furancungo, m'matumba mwa anthu. Mafoni ambiri a Tecno ali ndi purosesa ya MediaTek, ndipo manambala odzutsira RAM amakhala m'kafayilo kotchedwa preloader. Mmisiri woflasha foni ndi SP Flash Tool akalowetsa preloader ya RAM ina, foni imafa, ngakhale dzina la pachikuto lili lomwelo. N'chifukwa chake mmisiri wosamala amayamba wakopera fayilo ya m'foni yamoyo ya mtundu womwewo, n'kuifananiza ndi imene watsitsa pa intaneti, asanakhudze foni ya kasitomala.