Kapangidwe kachikale ka batala ku Ireland

Kupukusa mkaka pamanja ndi njira imene alimi a ku Ireland ankapangira batala pakhomo, mafakitale asanabwere. Ntchitoyi kwenikweni inali ya amayi ndi atsikana, ndipo ndalama za batala zinkathandiza mabanja ambiri kulipira lendi ya malo.

Kapangidwe kake

Akakama ng'ombe, mkaka ankauthira m'mbale zikuluzikulu zosazama n'kuuika pamalo ozizira. Mafuta akayandama pamwamba, ankawayengula n'kuwasunga masiku angapo kuti asase pang'ono. Kenako ankawathira mumgolo wautali wamatabwa wokhala ndi chivundikiro chobowola pakati. Pabowopo ankalowetsa ndodo yokhala ndi kathabwa kunsonga, ndipo ankaikweza ndi kuitsitsa ngati munthu amene akusinja. Kumenyako kumachititsa kuti timadontho ta mafuta tigwirane mpaka kuumbika. Batalayo ankamutsuka ndi madzi ozizira, kumufinya ndi kumuthira mchere kuti asawonongeke msanga. Mkaka wotsala, womwe umawawasa ngati chambiko, ankamwera mbatatesi kapena kuphikira buledi wa soda. Pambuyo pake kunabwera migolo yozunguliza ndi chogwirira, yomwe inapeputsa ntchitoyi.

Zikhulupiriro

Batala akakana kuumbika, anthu ambiri ankati wina wamuba mwamatsenga. Mantha amenewa ankakula pa 1 Meyi, tsiku la chikondwerero cha Bealtaine, moti mabanja ena sankapereka moto kapena mkaka kwa munthu wakunja patsikuli. Mlendo akalowa m'nyumba n'kupeza akupukusa, mwambo unkafuna kuti nayenso agwireko ndodo pang'ono, kusonyeza kuti sakuchoka ndi mwayi wa banjalo.

Mbiri ndi malonda

Anthu okumba m'madambo a ku Ireland akhala akupeza batala amene anakwiriridwa kalekale, wina zaka zoposa 3,000 zapitazo. M'madambomo mumazizira ndipo mulibe mpweya wokwanira, n'chifukwa chake batalayo sanawole. Wina mwa iye amasungidwa ku National Museum of Ireland.

Cha m'ma 1770, mumzinda wa Cork munatsegulidwa msika wa batala wotchedwa Cork Butter Exchange. Alimi, ena ochokera kutali ngati ku Kerry, ankabwera ndi batala m'timigolo totchedwa firkin. Pamsikapo ankamuyeza n'kumuika m'magulu malinga ndi ubwino wake asanamutumize kunja pa sitima. M'zaka za m'ma 1800, uwu unali msika waukulu kwambiri wa batala padziko lonse. Unatsekedwa mu 1924.

Kutha kwake

Mu 1878, Gustaf de Laval wa ku Sweden anapanga makina olekanitsa mafuta ndi mkaka. Mu 1889, alimi a ku Drumcollogher, m'chigawo cha Limerick, anakhazikitsa kopaletivi yoyamba yopanga batala m'dzikolo. Batala wa kufakitale ankatuluka wofanana nthawi zonse, motero ogula anamukonda, ndipo alimi anayamba kugulitsa mkaka m'malo mopukusa okha. Izi zinachititsanso kuti amayi ambiri ataye ntchito imene inkawapatsa ndalama m'manja. Masiku ano zipangizo zakalezi zimaoneka ku Cork Butter Museum ndiponso pa zionetsero za chikhalidwe.